Che Twaibu ndi Kabati ya Pakhonde

Agogo Che Twaibu anapita kumanda atagona pa jeneza, chonyamulira maliro, limene anakhoma okha. Ife akazi sitifika kumanda, choncho ine ndinangoliona likutuluka pabwalo, amuna akulandirana pamapewa, mpaka linakhota pa mtengo wa mango wa kumzikiti. Jenezalo ndi la mbawa, lofiirira mofanana kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, lopanda banga ndi limodzi lomwe. Bambo wina asananyamule analisisita ndi chikhatho n'kunena mokweza kuti mmisiri wotere sadzabadwanso ku Lungwena kuno. Agogo aakazi, Abiti Saidi, anamva mawuwo ali pamphasa m'nyumba. Sanadzutse mutu.

Sabata ino chakwana chaka. Tinaphika mpunga wa sadaka, ashehe anawerenga, anthu anadya n'kubalalika. Onse amene anayankhula anayamikira mipando ndi mabedi. Ine pagulu mawu amandithawa, ndiye ndati ndilembe. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene amayi anandiuza, ndipo ndisamala kuti ndisawonjezere, chifukwa wakufa sangadziyankhire.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa kofia yoyera imene sinkada ngakhale pakati pa utuchi. Chala chawo chachikulu cha kumanja chinali chakuda ndi utoto mpaka m'chikhadabo, sopo anachilephera. Akalandira thabwa latsopano kuchokera kwa ocheka a kumapiri, sankayamba ndi kuliyeza. Ankanyowetsa chala ndi malovu, n'kudinda pathabwapo, n'kuwerama kuti aone mmene malovuwo akulowera. Akalowa msanga ankapukusa mutu ngati amva mbiri yoipa ya mwana wa mnansi. Ankati mbawa ndi mtengo waludzu, uli ndi timabowo tambirimbiri ngati khungu la munthu, ndipo chimene wayamba kumwa umakhala nacho mpaka kuwola. Ankanenanso kuti kumapeto kwa thabwa, kumene macheka anadula, ndiko kukamwa kwake. Kumeneko kumamwa utoto kuposa pena paliponse, ndipo ukapanda kusamala kumada bii pamene thupi lonse lili lofiirira.

Ndiye asanapake utoto ankayamba atseka timabowoto. Ankasefa utuchi ndi kansalu, n'kuusakaniza ndi guluu wosungunula, n'kutikita phalalo m'thabwa ndi chiguduli, mopingasa. Likauma ankakwecha ndi sandipepa, kenako ankapaka utoto pang'ono n'kupukuta. Akatero sankachoka. Ankakhala pachitsa pafupi, chiguduli chili m'manja, kudikira timadontho timene mbawa imalavula pambuyo pake, n'kumatipukuta kamodzikamodzi tisanaume. Nthawi imeneyo ngakhale uwauze kuti nyumba ikupsa, ankakuyankha kuti nyanja ili pafupi, katunge.

Kwathu kuno aliyense m'manja mwake muli mafuta a nsomba. Amayi amayanika usipa, amalume amakoka makoka, ife ana timatafuna utaka wootcha popita kusukulu. Agogo ankadana nawo manja athu. Pakhomo la chisakasa chawo ankamangapo chingwe, ndipo wodutsa chingwecho ankayenera kuika manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pamzere. Aphunzitsi ena ochokera ku Dedza, amene anaitanitsa tebulo, anaiwala lamuloli tsiku lina. Anali atangodya mandasi, ndipo anagogoda tebulo losapaka ndi zala kuti amve kulimba kwake.

"Aphunzitsi, kusukulu kwanu mwana akadinda zala za mandasi pa buku lanu mumamutani?"

"Pepani bambo, ndangokhudza pang'ono."

"Mbawa sidziwa pang'ono. Tulukani. Mudzabwere mwezi wamawa mutasamba."

Asodzi amene ankasoka ukonde pafupi anaseka mpaka kugwa chagada. Nkhaniyi inakambidwanso pa sadaka, anthu akupukuta misozi ya chiseko. Nkhani ya kabati palibe anaikamba.

Kabati imeneyi ndinakula ndikuiona pakhonde la agogo aakazi, itayang'ana kuchisakasa. Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti makabati onse amakhala panja. Kumtunda kwa zitseko zake kunali kofiirira bwino. Koma kuyambira pofika phewa la munthu wamkazi kutsika m'munsi munali mizere yotuwa yokhotakhota ya zala, ndipo pena chikhatho chathunthu. Vanishi wa pamenepo sankauma. Nyengo yotentha ankachita thukuta, fumbi ndi nthenga za nkhuku ndi tintchentche n'kumamatirira, moti manjawo ankanka naonekera bwino chaka ndi chaka. Mbale za agogo aakazi zinkakhala m'menemo. Ankatsegula zitsekozo m'mawa, masana ndi madzulo, n'kupukuta zala pachitenje.

Aliyense wobwera kudzagula mpando ankayamba waonetsedwa kabatiyo. Agogo ankamugwira pamkono n'kupita naye pakhonde.

"Mukuona, achimwene? Izi ndizo zimachitika mkazi akayamba kuganiza. Abiti Nsatsi! Tuluka, alendo aone manja a mmisiri mnzanga."

Agogo aakazi ankatuluka, n'kugwada, n'kupereka moni. Alendo ena ankayang'ana pansi. Ena ankaseka, poti mwini nyumba waseka. Dzinalo linachoka pakhonde n'kupita kuchitsime, kumathandala oyanikira nsomba, mpaka kusukulu, kumene anzanga amanditchula mdzukulu wa Abiti Nsatsi. Pali ana m'mudzi muno amene sadziwa kuti agogo aakazi ali ndi dzina lina. Kwa ife nkhani imeneyi si yaing'ono. Mkazi amatchedwa Abiti wakuti, mwana wa bambo ake, kuyambira utsikana mpaka kumanda. Agogo analandidwa bambo awo n'kupatsidwa chomera cha kudzala.

Kuti ndisawanamizire, ine sanandimenyepo. Rula yanga itathyoka ndili Sitandade 5, anandipalira ina kuchokera ku chidutswa cha mbawa, n'kulemba mizere yake ndi nsonga ya mpeni, yolondola kuposa ya kusitolo. Anangoiika pa bondo langa, kenako ali chapatali anatembenuka n'kuti ndisadzaigwire nditadya. Ndikadali nayo.

Ndipo agogo omwewa ndinawaonapo ali ndi mantha. Akuluakulu a chipani a m'dera lathu anawauza kuti akhome felemu ya chithunzi chija chimene chimapachikidwa m'sitolo ndi m'kalasi iliyonse. Pa ngodya imodzi, pokumana matabwa awiri, kukamwa kwa thabwa kunamwa utoto wambiri, ndipo panatuluka banga lakuda, chakumtunda kumene kukakhale mutu. Agogo anayang'ana kumsewu, anayang'ana kwa ine, n'kundiuza kuti sindinaone kanthu. Anaithyola felemuyo pabondo, n'kuiponya pamoto wa agogo aakazi, n'kuima pomwepo mpaka inasanduka phulusa. Anakhoma ina tsiku lomwelo. Anyamata a chipani atabwera kudzaitenga, agogo anamasula okha chingwe, anavula kofia, n'kuwalola anyamatawo kugwira paliponse ndi manja awo a nsomba. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti banga limatha kuchoka dzuwa lisanalowe, mwini ntchito akafuna.

Chiyambi cha kabati ndinachimva kwa amayi, chifukwa ine ndinali ndikadali kumsana. Agogo atafuna kukwatira mkazi wachiwiri, Abiti Jafali wa kumsewu wa ku Makanjira, anamulonjeza kabati. Ashehe atamva anawakumbutsa kuti mwamuna wa mitala chimene wapatsa nyumba imodzi apatsenso inzake, mofanana. Agogo anang'ung'udza, komabe anacheketsa mbawa imodzi n'kukhoma makabati awiri ofanana ngati mapasa. Kufikira nthawi imeneyo m'nyumba ya mkazi wa mmisiri munalibe ngakhale mpando. Mbale zinkakhala m'dengu, zovala pachingwe. Amayi akuti agogo aakazi ankadzuka m'mamawa kukaima pakhomo la chisakasa, manja ali kumbuyo, kumangoyang'ana kabati yawo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Makabati anali atakwechedwa, koma timabowo tisanatsekedwe. Agogo anakwera njinga kupita kuboma ku Mangochi kukagula utoto. Masana agogo aakazi anamva thabwa likulira, the! Atasuzumira anaona kamng'alu konga tsitsi m'munsi mwa chitseko cha kabati yawo. Kwathu mtondo watsopano, munsi, ngakhale chipande, timazipaka mafuta a nsatsi kuti zisang'aluke ndi dzuwa. Amayi awo anawaphunzitsa choncho, ndipo mtondo wa amayi awowo tikusinjiramo mpaka lero. Anatenga nsupa ya mafuta amene anayenga okha. Anasamba m'manja bwinobwino ndi phulusa, pokumbukira lamulo la nsomba, kenako anadutsa chingwe.

Anayamba ndi kamng'aluko. Thabwa linamwa mafutawo nthawi yomweyo n'kunyezimira, ndiye anaganiza kuti linalidi ndi ludzu. Anapitiriza ndi manja onse awiri. Mafuta atayamba kuchepa ankangodutsa ndi zala, apa ndi apo, mpaka pamene msinkhu wawo unalekeza. Atamaliza anadandaula kuti nsupa yauma. Ankafuna kupakanso ya mkazi mnzawo, kuti anthu asanene kuti ali ndi nsanje.

Agogo atabwerako anamva fungo asanatsike n'komwe panjinga. Amayi akuti sanakalipe. Anatenga puleni, anapala kamodzi m'munsi mwa chitseko, n'kuyang'ana chopalacho padzuwa. Mafuta anali atalowa kale m'kati. Anapalanso, chimodzimodzi. Kenako anaitana.

"Abiti Saidi, wakutuma ndani?"

"Palibe, bambo. Chimang'aluka. Ndimati ndithandize."

"Ukuyesa uwu ndi mtondo wa amako?"

"Pepani, sindimadziwa. Munkangonena za nsomba, za nsatsi simunandiuzepo."

"Chabwino. Ntchito wayamba ndiwe, ine ndingomaliza."

M'mawa mwake anapaka utoto pamwamba pa mafutawo, akudziwa bwino chimene chichitike. Pamene panalibe mafuta utoto unalowa. Pamene panadutsa manja unatsetsereka, n'kusiya chala chilichonse poyera. Anapaka vanishi pamwamba, anaitana anthu kuti ainyamule, ndipo atafika nayo pakhomo la nyumba anati ayi, iikeni pakhonde, ntchito yabwino sabisa. Ya Abiti Jafali anaitseka timabowo, anaipaka mwachifatse, n'kuipititsa pangolo akazi akuimba nthungululu. Kwa ashehe anakanena kuti lamulo alikwaniritsa: mtengo umodzi, muyeso umodzi, utoto wa m'chitini chimodzi.

Mudzi uno ndi wa agogo aakazi. Agogo aamuna anali mkamwini, kwawo ndi kutsidya, ku Nkope. Amayi anawauzapo amayi awo kuti angowaikira katundu panja, kapena aiwaze kabatiyo ikhale nkhuni. Iwo ankakana. Ankati anawononga ntchito ya mwini wake, ndipo woyenera kuikonza ndi mwini wakeyo. Ankatinso akaiwaza okha, dzina litsala. Ankafuna kuti munthu amene anawapatsa dzinalo alichotse yekha, anthu omwe aja akuona. Ndipo chowalimbitsa mtima chinalipo. Kudenga la chisakasa kunali matabwa awiri a mbawa, opala kale, amene agogo sankalola kuti agwire ntchito ina iliyonse. Agogo aakazi anawayeza ndi mkono tsiku lina mwini wake ali kumzikiti, n'kupeza kuti ndi a muyeso wa zitseko. Tsiku la Idi lililonse, pamene anthu amakhululukirana, ankagwada n'kupempha. Yankho silinkasintha: chaka chamawa, Mulungu akalola.

Chaka chatha miyendo ya agogo inatupa. Abiti Jafali anawasamalira pang'ono, kenako anawabweretsa pangolo n'kunena kuti kwawo kulibe wowanyamula. Agogo aakazi anawayalira mphasa pakhonde, poti m'nyumba ankabanika, mutu uli pafupi ndi miyendo ya kabati. Ankawasambitsa, kuwamwetsa phala, ndi kuwatikita miyendo ndi mafuta a nsatsi, chifukwa ndiwo mankhwala amene tinali nawo. Agogo sankakana. Ankatseka maso n'kumati apa, apa, kwera pang'ono.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinakhala kumapeto kwa khonde ndikusenda chinangwa. Agogo aakazi ankatikita mwendo wa kumanzere. M'chisakasa munali a Imedi, mwana wa mlongo wa agogo aamuna, amene anaphunzira ntchito kwa iwo ndipo ankamaliza mipando yotsala.

"Che Twaibu, ndili ndi pempho."

"Idi sinakwane."

"Ndikudziwa. Koma matabwa aja ali kudenga. A Imedi ntchito akuidziwa, munawaphunzitsa nokha. Mungowauza mawu amodzi, inu muli pomwepa mukuona."

Agogo anatsegula diso limodzi. "Unawayeza eti?"

"Ndinawayeza."

"Ndinadziwa. Ndinaona fumbi litachoka."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, agogo aakazi n'kuwadzutsa, kuwasisita pamsana. Atapeza mpweya anati, "Aja ndi anga. Dothi la kuno ndi mchenga wokhawokha, sindifuna lindigwere kumaso. Imedi ndamuuza kale."

"Nanga ine, bambo?"

"Iwe zitseko uli nazo. Unapaka wekha." Anatambasula mwendo wina. "Uwu sunaugwire."

Agogo aakazi anathira mafuta m'chikhatho, n'kuugwira.

Sipanapite masiku ambiri, agogo anatisiya. Pa maliro athu mtembo umagonekedwa m'kachipinda ka m'mbali mwa manda, n'kutsekedwa ndi mitengo dothi lisanathiridwe. Anthu ambiri amatsekedwa ndi nsungwi kapena timitengo ta kutchire. Agogo anatsekedwa ndi mbawa yopala. Amuna pobwerera ankakambirana kuti manda aulemu chotero sanawaonepo.

Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, itapita, a Imedi anabwera ndi ngolo, poti zida za mmisiri zimapita kwa mwana wa mlongo wake. Anakweza benchi, mapuleni, macheka, zitini za utoto, ngakhale chitsa chokhalapo. Pangolopo panali kale kabati ya Abiti Jafali. Tinamva kuti mayiyo anaigwiririra mpaka kumsewu, akulira, koma a Imedi anamuuza kuti ndi chuma cha amalume awo. Atafika pakhonde lathu a Imedi anaiyang'ana kabati inayo, anaikhudza, n'kupukuta zala pathalauza.

"Iyi tikusiyirani, Abiti Nsa... amayi. Ndi yanu."

Agogo aakazi anathokoza. Ngolo itachoka anatuma amayi kuti abweretse mpeni. Anamasula okha masikulu a mahinjesi, limodzilimodzi, ndipo nsonga ya mpeni inathyoka asanamalize. Kabati tinailowetsa m'nyumba, ili yasaa, mbale zikuonekera. Amayi anati zitseko tiziwotche. Agogo anakana, anati utsi uoneka kutali, anthu anena kuti wamasiye akuwotcha ntchito ya mwamuna wake manda asanaphwe. Anazikokera okha kuchisakasa.

Dzina silinachoke. Pa sadaka ya sabata ino mayi wina wogawa mpunga anafuula kuti mbale ya Abiti Nsatsi ili kuti, ndipo sanadziwe n'komwe kuti walakwa.

Chisakasa chilipobe. Udzu wa kudenga wathothoka mbali ya kunyanja, ndipo masana dzuwa limalowa mpaka pakati. Pamene panali miyendo ya benchi pali timaenje timene nkhuku zimasambamo fumbi. Misomali yokolekapo macheka yachita dzimbiri pansanamira, yopanda kanthu. Utuchi wa zaka zonse zija wawola n'kusanduka dothi lakuda, ndipo pakona pamera bonongwe amene palibe akumuthyola. Palibe amene amakhalamo, ngakhale asodzi osoka ukonde anasamukira pamthunzi wina.

Zitseko zili pansi pakati penipeni, zitayang'ana kudothi. M'mawa uliwonse agogo akatha kuswali, kupemphera kwathu, amatenga mphika wa madzi n'kukathira mozungulira, kuti pansipo pazikhala chinyezi, chiswe chibwere. Chinabweradi nthawi ya mvula. Dzulo ndinapita ndekha n'kutukula chitseko chimodzi. Kumtunda, kumene kunali kofiirira bwino kuja, kunanyenyeka m'manja mwanga, m'kati muli dothi lokhalokha. Koma pamene panalowa mafuta chiswe sichinadyepo. Chinalambalala, n'kusiya thabwa lolimba, zala zonse zilipo.

Sindinamve kuti agogo afika kumbuyo kwanga ndi mphika. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Bwezera pansi, mwanangu. Chiswe sichidya pali kuwala."

Ndinabwezera. Iwo anawerama n'kuyamba kuthira madzi, pang'onopang'ono, kuyambira kumunsi.